Funso Losafuna Yankho

Ndinaganiza zopita ku Jeremani tsiku limene bambo anga analephera kulowetsa ulusi pa singano ya makina awo. Anali telala pa msika wa Chikwanha, kunja kwa mzinda wa Harare, kuyambira ndisanabadwe. Tsikulo ndinawaona akuyesa, kuyesanso, kenako n'kundipatsa ulusiwo. Mnzanga wina wa dera loyandikana nafe la Unit N anali atapita kale kukagwira ntchito yosamalira okalamba, ndiye anandionetsa njira. Ndinaphunzirako Chijeremani mu Harare, chaka chotsatira n'kukwera ndege.

Ntchito ndinaipeza m'nyumba ya okalamba, m'katauni kena kozizira. Ndalama ndinkatumiza mwezi uliwonse, koma yogulira tikiti yobwerera sinkakwana. Pa foni aliyense kwathu ankati ali bwino, inenso ndinkati ndili bwino. Zoti Lamlungu dzuwa linkalowa ndisanalankhule ndi munthu sindinkazinena.

Mwa okalamba amene ndinkawasamalira munali Frau Helga, mayi woonda wokonda kukhala pawindo. Anali ndi mwana mmodzi wamwamuna amene ankakhala kutali ndipo ankabwera mwa apo ndi apo. Masana ena ndikuwapesa tsitsi anati, "Ob er heute wohl kommt?" Ndinatolapo mawu oti "lero" ndi "kubwera", ndiye ndinathamangira ku ofesi kukafunsa. Nditabwerako ndinawauza mosazungulira kuti ayi, mwana wawo sabwera. Chakudya chamadzulo sanachikhudze.

Ndinachitanso zomwezo kangapo, ndikudziona ngati wantchito wakhama. Tsiku lina Frau Helga anandigwira dzanja ndisanafike pakhomo. Kale anali mphunzitsi, choncho anandifotokozera pang'onopang'ono ngati mwana wa sukulu. Anati munthu wofuna yankho amayamba ndi mneni, amati "Kommt er heute?", kutanthauza kuti kodi abwera lero. Koma akayamba ndi "ob", mneni n'kumuponya kumapeto, pakati n'kulowetsa kamawu koti "wohl", ndiye kuti sakufunsa aliyense. Akungotulutsa zimene zili mumtima. Yankho sakulidziwa, ndipo sakuyembekeza kuti iwe ulidziwa.

"Ukandiyankha, nkhani imathera pomwepo," anatero. "Uzingokhala pansi."

Kuyambira pamenepo ndinkakhaladi pansi. Ndinkangoti "Wer weiß", kutanthauza kuti adziwa ndani, iwo n'kuyamba kusimba za mwana wawoyo ali wamng'ono, mmene ankaopera agalu, mmene anathyokera mkono pa njinga. Posakhalitsa inenso ndinayamba kudzimva ndikunong'ona pa siteji ya basi, zala zitauma ndi chisanu: "Wo Baba jetzt wohl sitzt?" Baba akhala pati tsopano? Ndinkawaona m'maganizo atakhala pansi pa lata lotentha la pa Chikwanha, mahwindi oitanira maminibasi akukuwa, tepi yoyezera ili m'khosi. Frau Helga anamwalira patapita zaka zingapo, mwana wawo atawagwira dzanja.

Ndinabwerera chaka chatha, amayi atandiululira kuti maso a bambo atheratu. Nditatsika kombi ndinapeza pamalo pa makina awo pali mtsikana wogulitsa machaja a foni. Kunyumba ku Unit K ndinapeza bambo ali pakhonde. Anandisisita kumaso ndi manja awiri, n'kunena kuti ndanenepa.

Madzulo ake kunachita mitambo, mphepo n'kubwera ndi fungo la mvula. Bambo anakweza mutu nati, "Kaya ku Ntcheu yayamba kugwa."

Mlongo wanga Tendai, amene Chichewa amamva koma amayankha m'Chishona, anatulutsa foni kuti aone. "Regai nditarise, Baba." Anayang'ana za nyengo n'kuwauza kuti ku Ntcheu kuli dzuwa sabata yonse. Bambo anangoti oho, n'kulowa m'nyumba kukagona. Mtima unandipweteka. Kaya ameneyu tinakula tikumumva m'nyumba mwathu, ndipo nthawi zonse tinkamuyankha mwachangu kapena kumuseka. Ndinachita kuwoloka nyanja kuti ndidzamumve bwino.

M'mawa mwake tili awiri okha, bambo ananenanso mawu omwewo. Ndinakoka mpando n'kukhala pafupi nawo.

"Kaya, Baba," ndinatero.

Anayamba kusimba. Anati anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, potsatira bambo awo amene ankagwira ntchito pa famu kuno. Tsiku lonyamukalo kunali mvula. Mlongo wawo wamng'ono, Nagama, anatsala ndi amalume, ndipo anathamangira lole m'matope atanyamula chipewa chimene iwo anaiwala. Loleyo sinaime. Makalata anayendako zaka zoyambirira, kenako zii.

Ndinali mayi wamkulu kale, nditazungulira dziko, koma sindinkadziwa kuti ndili ndi azakhali.

"Kaya akadali moyo," anatero bambo, nkhope ili chakum'mawa.

Foni inali m'thumba la siketi yanga. Ndinkadziwa kuti tsiku lina ndidzawapempha kuti tifufuze, mwina mpaka kupita nawo komweko. Koma m'mawa umenewo ndinaisiya m'thumbamo, ndipo ndinawafunsa kuti chipewacho chinali chamtundu wanji.