Chithunzi Chokhala ndi Mano

Mano anga awiri akutsogolo anazulidwa kalekale, ndipo kapepala ka kuchipatala ka tsikulo kakadali m'faelo yanga yobiriwira. Kuyambira pamenepo, pa zithunzi zonse, ngakhale za ukwati wa ana anga, ndimaoneka ngati ndakwiya. Sindinali wokwiya, ndinkangobisa mpata.

Chaka chatha dokotala wa mano ku Woodlands anandiika buliji, mano awiri opanga amene amagwirira pa mano anga am'mbali. Ndinatuluka ndikuseka ndekha. Ndinasekerera kondakitala wa minibasi, mayi wogulitsa nthochi, ngakhale mlonda wa pageti ya eni amene sitidziwana.

Mawa lake ndinamanga tayi n'kupita m'tauni kukajambulitsa chithunzi cha pasipoti. Nditakhala pampando ndinaonetsa mano onse.

"Ba mudala, tsekani pakamwa," anatero wojambula. "Cha pasipoti saseka."

"Iwe, ukudziwa kuti ndatseka pakamwa pano zaka zingati? Ndionetse pamene analemba zimenezo!"

Analoza pepala lomata pakhoma. Ndinavala magalasi n'kuwerenga kawiri, ndipo zinalembedwadi. Ine ndi pepala sitikangana. Ndinatseka pakamwa, anajambula, ndipo ndinamuuza kuti andipangire fotokope ya lamulolo yoika m'faelo.

Kenaka ndinakhalanso pampando. "Tsopano jambula china, chachikulu, cha ine mwini."

"Apa sekani mpaka mutope, ba mudala!"

Chithunzicho ndinachipachika pabalaza kwathu ku Kabwata, moyang'anizana ndi chitseko. Aliyense wolowa amayamba waona mano.