Pomwe kagwera mpomwepo

Gofu ndinaphunzirira kudambo lodyetserako ng'ombe, kuseri kwa mishoni ina m'mapiri a Dowa komwe ndinkaphunzitsa. Wansembe wathu, mzungu wokalamba wa mphuno yofiira, anali ndi ndodo zitatu ndi timipira tingapo tomwe tinali titasanduka kale tachikasu. Maenje anali asanu, zitini za jamu zokwirira pansi. Lamlungu masana tinkazungulira awiriwiri, anthu n'kumatiseka kuti akuluakulu ndi ndevu zawo akuthamangitsa dzira.

Lamulo lake linali limodzi: pomwe kampira kagwera mpomwepo, osakagwira ndi dzanja. Tsono kudambo kuja sikankagwera pabwino. Mwina m'tsekera, mwina kuseri kwa chulu, mwinanso pandowe penipeni. Zikatero iye ankati, "Aphunzitsi, iwalani za dzenje. Ingokatulutsani kafike poyera." Ine ndi mtima wanga wapachala, malangizo amenewa ankandinyansa.

Mng'ono wanga ankaphunzitsa ku Ntchisi. Tsiku lina popaka laimu m'kalasi anatsitsa chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, n'kuchiimika pansi chitayang'ana kukhoma kuti chisade. Wina anaona. M'mawa mwake kunabwera galimoto ya boma kudzamutenga, ndipo milungu inatha tisakudziwa komwe anapita naye. Masiku amenewo ngakhale kufunsa kunali mlandu.

Mayi anga anabwera wapansi kuchokera kumudzi, mapazi ali mbuu.

"Mzungu wakoyo amadya ndi akuluakulu," anatero. "Iwe ntchito kumangomenya naye dzira? Kamuuze akanditengere mwana wanga."

Ndinadikira Lamlungu, poti kudambo kokha ndiko kunalibe makutu. Pa dzenje lachitatu kampira kanga kanalowa momwe ng'ombe inaponda nthawi ya mvula, matope atauma gwa, kutsogolo kuli mwala. Ndinaima pomwepo n'kuyamba.

"Abambo, nkhani ya mng'ono wanga..."

"Ndinamva kale, aphunzitsi," anatero wansembe. "Ndikalemba kalata, ine andikweza ndege, iye amuwonjezera mlandu woti akugwirizana ndi azungu. Kumutulutsa sindingathe. Koma ndili ndi mnzanga amene amakachita Misa kundende. Angafufuze komwe ali, mwina n'kumupatsira bulangete."

"Bulangete, Abambo?"

"Bulangete."

Ndinapsa mtima. Ndinalunjika kudzenje n'kumenya ndi mphamvu zanga zonse. Kampira kanawomba mwala uja, n'kubwerera kukagwa kumbuyo kwanga m'chithaphwi. Tsiku lina lililonse wansembe akanaseka mpaka kutsokomola, koma apa sanaseke. Ndinadziona wachabechabe, mwamuna wa setifiketi yake, woyankhula Chingerezi, wosatha n'kudziwa komwe ngati mwana wa mayi ake ali moyo.

Mayi nditawauza sanalire, sananditukwanenso. Ndikanakonda akananditukwana. Anatenga bulangete lawo lomwe ankafunda, n'kusoka kamtanda ka ulusi wofiira pangodya.

"Akadziwe kuti ndine," anatero.

Bulangete linapita. Yankho silinabwere. Gofu sindinasiye, poopa kuti anthu angayambe kufunsa chomwe ndasiyira. Ndinaphunzira kutulutsa kampira m'tsekera mwakachetechete, pang'onopang'ono, osayang'ana kudzenje, ndipo wansembe ankandiyamikira. Ine kuyamikirako kunkandiwawa.

Mvula inagwa n'kutha kawiri. Lamlungu lina wansembe ndinamupeza kudambo alibe ndodo, atapanira phukusi m'khwapa. Anangondipatsa ndi manja awiri. Linali bulangete lija, litaperepeseka, lili ndi zigamba zosokedwa ndi dzanja lomwe ndinkalidziwa, la mng'ono wanga. Linabwera lokha. Nthawi imeneyo katundu wa munthu akabwera yekha, palibe ankafunsa tanthauzo lake: mwini wake ndiye kuti wamwalira.

Ndinapita nalo kumudzi. Mayi ndinawapeza akusenda mtedza pakhonde. Analilandira, n'kuyamba kufufuza ngodya imodziimodzi ndi zala mpaka anapeza kamtanda kaja. Anakasisita kwa nthawi.

"Ndiye kuti linamufika," anatero. "Sanagone pozizira."