Fodya wamagetsi m'chipinda chogona ana anga

Chinayamba ndi fungo. Lolemba ndikumuvula Shakira diresi, ndinamva ikununkhira ngati chingamu. Ine chingamu sindinamugulire. Juzi ya Twaha nayonso fungo lomwelo. Ndinangoti mwina ndi sopo wa kusukulu.

Ana angawa ndimawasiya pa kasukulu kena kosungira ana kuno ku Balaka, ine n'kupita kukagulitsa tomato pamsika. Shakira ali ndi zaka zinayi. Twaha ziwiri, ndipo ali ndi mphumu. Za mphumuzo ndinawauza madamu eni sukulu tsiku loyamba lomwe.

Lachitatu Twaha anabwera m'chifuwa mukulira ngati kamwana ka mphaka. Lachinayi m'mawa ndinapeza Shakira ali ndi kamtengo pakamwa, akukoka mpweya n'kuuzira m'mwamba. Kumufunsa, akuti, "Ndikupanga mitambo ngati ankolo a mu ofesi."



Anawo ndinawaperekabe kusukulu, poti ndikanawasiya ndi ndani? Koma 12 koloko, nthawi yogona ana, tomato ndinasiyira mnzanga, ine ulendo. Ndinalowa osaodira. Ana ali ngundangunda pamikeka, mazenera otseka kuopa fumbi. Pakona pali bambo amene amalemba mapepala a sukuluyo, achimwene awo a madamu, kachinthu konga cholembera chonenepa kali pakamwa. Utsi woyera uli tolotolo. Twaha wagona chapafupi ndi mapazi awo.

Ndinati, "Bambo, mukusuta pali ana?"

"Iyayi mayi, uyu si fodya. Mwaona moto? Ndi nthunzi chabe, ngati ya paketulo."

Nanga bwanji muno? Akuti soketi yogwira ntchito pasukulu ponse ndi imodzi, ili m'chipinda momwemo. Amatchajira pamenepo, ndiye podikira amakokako pang'ono.

Ndinabereka Twaha n'kukadikira madamu pakhonde. Anafika 12:40. Ndinawalozera pepala lomata pachitseko, lonena kuti ogwira ntchito asasute fodya pamalopo. Sukulu ndinalekera sitandade 6, koma zilembo zimenezo ndimaziwerenga.

Anandiyankha kuti lamulolo ndi lakalekale, limanena za ndudu ndi chingambwe. Za zamagetsizi akuti komiti ya sukulu sinakambiranepo. Ikambirana liti? Akuti teremu ikatha. Ndiye mwana wanga adzayambe kupuma teremu ikatha?

Kenako anatsitsa mawu. "Mayi a Shakira, achimwenewa akuyesetsa kusiya fodya. Tiwalimbikitse."

Asiyire fodya pachifuwa pa mwana wanga?

Ndinafunsa kuti m'kati mwa kachinthuko muli chiyani. Bambo aja anangoseka ali pakhomo. "Inu a ku Rivirivi mwakulira mu utsi wa nkhuni, uwu ndiye muuope?"

Inde, nkhuni ndimazidziwa. N'chifukwa chake ndikamasonkha moto Twaha ndimamuchotsa kaye.

Kuchoka apo ndinapita ndi Twaha kuchipatala. Anamwino anamumvetsera m'chifuwa, anati mwana wa mphumu asamakhale pomwe munthu akusuta, kaya fodya wake ndi wamtundu wanji. Anatinso timadzi ta m'kati mwa kachinthuko mwana akamwa n'zoopsa. Apo ndinakumbuka kuti soketi ija ili m'munsi mwa khoma. Kachinthuko potchaja amakasiya pansi, kakununkhira chingamu. Shakira chilichonse chonunkhira amaika pakamwa.

Ndatopa. Mphamvu zokangana ndilibe. Ndikungofuna wina andiuze, lamulo loletsa kusuta pantchito limatha munthu akasintha chosutira? Pepala limodzi lokha kulilembanso mpaka komiti?

Amayi anzanga, nunkhizani zovala za ana akaweruka. Tsiku lina mudzapite masana osawauza a sukulu, mulowe mpaka pomwe ana amagona.

Ine Lachisanu ndinakatenga timakapu tawo ndi zitenje zofunda. Panopa ali nane pamsika, ndawayalira kunsi kwa benchi la tomato. Kukutentha, kuli fumbi, njinga zamoto zikudutsa pafupi, ndipo ndimagulitsa diso lili pansi. Si malo a ana, ndikudziwa. Koma akatsokomola ndimamumva.

Madamu aimba kawiri, akuti malo a ana akadalipo. Ndawafunsa ngati achimwene awo akutchajirabe m'chipinda muja. Anangodula foni.

Dzulo Shakira anatolanso kamtengo n'kukaika pakamwa. Ndinamulanda, ndinakathyola, m'malo mwake n'kumupatsa tomato.