Wothawa Nkhondo wa pa Benchi Yakumbuyo

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndikukangana. Ndinali nditangolemba mayeso a Fomu 4, ndipo masana ambiri ndinkathera m'nyumba ya kanema ya a Mulepa, kuseri kwa msika wa pa Boma ku Phalombe. Masiku amenewo mafilimu omasulira kale m'Chichewa anali asanafike kwathu. Pankakhala munthu pambali pa kanema, maikolofoni ili m'manja, n'kumauza anthu zimene azungu akulankhula. Womasulira wa a Mulepa Chingelezi sankachidziwa. Tsiku lina msilikali wa mufilimu anakuwira anzake kuti abisale, iye n'kunena kuti, "Akuti tiyeni tikadye." Ndinalephera kupirira. Ndinaimirira n'kumuuza kuti ndi wabodza. Tinatukwanizana mpaka a Mulepa analowa.

"Iwe wapakamwa, tabwera kuno," anatero. "Wodziwa ndiwe? Tenga. Ukalephera usadzapondenso muno."

Sindinalephere. Mlungu wotsatira womasulira uja anamuika pakhomo kuti azilowetsa anthu.

Zida zathu zinali kanema wamkulu wachimsana, deki ya matepi, ampulifaya, jenereta ndi masipika awiri. M'mawa ndinkayamba ndi kuona oilo wa jenereta, kenako kulemba mafilimu a tsikulo pabolodi ndi choko. Deki ndinkaitsegula ndi sikuludiraiva n'kupukuta mutu wake ndi pepala loyera lonyowetsa sipiriti, chifukwa fumbi la Phalombe silikhululuka. Tepi tinkaibweza pamanja, kulowetsa supuni pabowo n'kumapota, kuti deki isatope. Ikaduka, selotepi. Sipika imodzi inali mkati, inayo padenga, yoloza kumsika. Anthu asanalowe tinkaika filimu kuti mfuti zilire padengapo, ziitane makasitomala. Akadzaza, ntchito yanga inali kuzula waya wa sipika ya padenga kuseri kwa ampulifaya. "Zaulere zathera pamenepo," ankatero a Mulepa. "Wofuna kumva alowe."

Mafilimu a nkhondo ndiwo ankadzaza nyumba. Ndinaphunzira msanga kuti anthu safuna kumasulira kolondola, amafuna kuseka. Asilikali ndinkawapatsa mayina akwathu. Wina akawomberedwa n'kumalankhula mawu ake otsiriza, ine ndinkamuikira anga: "Achimwene, mukauze mkazi wanga kuti tambala uja asadye yekha." Nyumba yonse inkagwedezeka.

Munthu mmodzi yekha ankaseka pamalo olakwika. Anali a Khoviwa, okhoma zidebe ndi mbaula, ochokera ku Nazombe. Ankabwera pa Boma masiku a msika okha, ndipo akagulitsa ankakhala pabenchi yakumbuyo. Pamene ena agwira mpweya, ngwazi ikuthamanga pakati pa zipolopolo, iwo ankangoti, "Hee-de!" n'kumenya bondo. Zinkandinyansa, koma zinkandichititsanso chidwi. Tsiku lina ndinawatsatira pamalo awo ogulitsira.

"Bambo, mumaseka chiyani?"

"Mfuti ija," anayankha, akuwongola lata ndi nyundo. "Yaikidwa paipi yochokera kufakitale? Yanga inkatenga zipolopolo makumi atatu. Ukafinya osaleka, usanamalize kutchula dzina la agogo ako zatha. Ndipo imatentha, mwanawe. Uja anagwira kukamwa kwa mfutiyo ngati mwiko."

Ndi mmene ndinadziwira kuti anamenyapo nkhondo. Ali mnyamata anapita kukacheza kwa amalume awo kutsidya kwa malire, ku Mozambique, nthawi imene kunali kosokonekera, ndipo asilikali anawagwira pamodzi ndi anyamata ena a m'mudzimo. Anakhala kutchire zaka zitatu.

Kuyambira pamenepo tsiku lililonse la msika ndinkapita ndi mafunso. Kodi bomba likaphulika munthu amaulukadi m'mwamba n'kudzuka? Iwo anati likagwa pafupi makutu amatseka mpaka mawa, ndiye sakumvetsa kuti azungu aja amacheza bwanji utsi usanathe. Kodi mdani mumamuona nkhope? Kawiri kokha pa zaka zitatu, anatero, ena onse anali tchire lolira. Nanga nkhondo yeniyeni n'chiyani?

"Kuyenda. Kusenza. Kudikira. Matekenya. Kutsegula m'mimba. Chinangwa chosaphika, poti utsi umaitana adani. Taonani mapazi a asilikali anuwo, onse ali ndi nsapato, ndipo palibe amene amapita kuthengo. Amadya chiyani anthu amenewa?"

"Ndiye zonse n'zabodza?"

"Ayi. Wamantha uja wa mufilimu ya Lachinayi, ananyowetsa buluku uja. Amene anapanga pamenepo anafunsa munthu."

Ndinkabwerera kuntchito mutu utadzaza. Ndinayamba kuona zinthu zimene poyamba sindinkaziona: malaya oyera a ngwazi pambuyo pa mlungu wathunthu m'matope, nyimbo zoyamba kulira mdani asanatulukire, ngati nkhondo imachenjeza.

Masana ena ndinafunsa funso limene sindikanayenera kufunsa. Ndinati, "Nanga munabwerako bwanji?" Anasiya kukhoma. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. Anati anali ndi mnzawo, dzina lake Armando, amene anawomberedwa pamimba. Anamubereka tsiku lonse. Madzulo anamugoneka pansi pa mtengo wa mango n'kumuuza kuti akukatunga madzi. Anafika pamtsinje, anawoloka, ndipo miyendo sinaime mpaka kwawo. "Kumudzi amadziwa kuti anatimasula," anatero. "Ngakhale mayi a kunyumba amadziwa choncho. Ndakuuza iwe poti umafunsa ngati munthu wofuna kudziwa."

Tsiku lovuta linali la msika, mwezi wa Okutobala, kutentha kwa malata kukuwotcha pamutu. Jenereta inavuta m'mawa, pulagi itada, ndipo tinayamba mochedwa anthu akugogoda mabenchi. Ndinali nditapsa kale mtima. M'chipwirikiti chimenecho sindinazule waya wa padenga.

Filimuyo inali yatsopano. Chapakati, mnzake wa ngwazi anawomberedwa pamimba, ngwazi n'kumubereka kukamugoneka pansi pa mtengo. Wovulalayo anayamba kulankhula zazitali, za dziko lake ndi mbendera. Ine ndinamuikira zanga, za tambala ndi za apongozi. Anthu anafa ndi phwete. Kenako kumbuyo kunamveka mawu.

"Khala chete pamenepo."

Ndinapitiriza.

"Ndati khala chete, mwanawe. Munthu akufa."

Ena anatembenuka n'kuyamba kuseka ine. Wina anakuwa kuti, "Akuuza madala, womasulira!" Ine kundiseka pagulu ndiye kundiyatsa. Sindinaganize. Ndinabweretsa maikolofoni pakamwa n'kunena kuti, "A Khoviwa, inu munathawa nkhondo n'kusiya mnzanu akufa pamtengo wa mango. Uyu sanathawe. Tisiyeni tione amuna enieni."

Palibe anaseka. Ndinamva mawu anga omwe akubwerera kuchokera panja, atagunda khoma la sitolo ya patsidya. Msika wonse unamva, ndi anthu a ku Nazombe omwe, amene anabwera ndi nandolo wawo tsiku limenelo. A Khoviwa anaimirira, anavala chipewa, natuluka. Sanathamange. Zidebe zawo anazimanga panjinga dzuwa likadali pamutu.

A Mulepa anadikira filimu ithe. Sanakuwe, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kukuwa.

"Zoona kapena zabodza, sindikufuna kudziwa," anatero. "Munthu uja ndi msinkhu wa bambo ako, ndipo wamuvula ndi sipika yanga. Mawa upite ku Nazombe. Akadzakhalanso pabenchi paja, ntchito ilipo. Akapanda kubwera, nawenso usabwere."

M'mawa ndinabwereka njinga. Njira ya ku Nazombe imadzera pampata wa Fort Lister, pakati pa Mulanje ndi Michesi, ndipo pokwera pake njinga umachita kukankha. Ulendo wonse ndinkakonza mawu. Ena anali opepesa, ena odziteteza, chifukwa mtima wanga unkanenabe kuti anayamba ndi iwo.

Ndinawapeza pakhonde akudula lata. Akazi awo anandiyalira mphasa osandiyang'ana, n'kulowa m'nyumba. Ndinagwada.

"Bambo, ndinalakwa. Waya uja ndinaiwala kuzula."

"Ndiye cholakwa ndi waya?"

Anapitiriza kudula lata.

"Ukanazula, akanamva anthu makumi asanu okha. Ndiye bwino?" Anaika sizasi pansi. "Dzulo mayi awa andifunsa kuti mnzanga wa pamtengo wa mango uja ndani. Zaka zonsezi ndagona nawo nyumba imodzi. Ndawauza. Sanandiyankhebe."

Ndinapepesanso, ulendo uno osatchula waya. Kenako, poti ndine wosabisa, ndinawauza zoona: kuti akapanda kubwera, ntchito yanga yatha.

"Wabwera kudzapepesa kapena kudzatenga kasitomala?"

"Zonse ziwiri, bambo."

Anaseka pang'ono, kamodzi kokha. "Bola sunaname. Tsono tamvera, poti umakonda kufunsa. Filimu ija inanama pati?"

Ndinati mwina magazi anali ochepa.

"Magazi anali bwino. Inanama pa nthawi. Mzungu uja wafa tepi isanazungulire kakhumi, atamaliza zonse zimene amafuna kunena. Wa pamimba safa choncho. Amatenga tsiku, mwina awiri. Ndipo salankhula za dziko. Armando tsiku lonse pamsana panga ankanena mawu amodzi, Chilomwe cha amayi ake: mahi, mahi. Madzi basi. Anthu sangalipire kuti aone zimenezo. Inenso sindikanalipira. Ndinkabwera kwa inu chifukwa nkhondo yanu inali yabodza, ndipo ndinkapuma nayo. Dzulo inayandikira pang'ono, iwe n'kuikapo tambala."

Ndinafunsa ngati adzabwere.

"Kukwiya ndasiya. Pita bwino. Koma benchi ija ayi. Ndikalowa, anthu adzasiya kanema n'kumaonera ine."

Ndinakankha njinga kubwerera. A Mulepa anamva zonse, anagwedeza mutu, n'kutambasula dzanja kuti ndiwapatse makiyi a jenereta. Ndinayesa kukangana. Anati, "Ndinanena dzulo." Ndinagwira ntchito imeneyo miyezi isanu ndi iwiri.

Lero ndimayendetsa minibasi, ndipo mtima wanga sunazizire kwenikweni, makondakitala anga angachitire umboni. Mafilimu a nkhondo ndimaonerabe pafoni podikira kuti galimoto idzaze, ndipo ndimadzifunsabe kuti pamenepa anafunsa munthu kapena anangopeka. A Khoviwa anasiya kubwera kumsika wa pa Boma, anayamba kugulitsira kwina, ndipo mafunso amene ndinatsala nawo ndinalibenso womufunsa. Chimene ndinatenga n'chimodzi. Ndikapsa mtima ndimatukwana, inde, koma ndimatukwana ndi zanga. Zimene munthu anandiuza atatsitsa mawu si zida zomenyera nkhondo. Anangondisungitsa.