A ku Cuamba ayeza phazi la Saide

Mwaswera abale? Kuno ku Itepela mtima wanga suli m'malo.

Masana ano kwafika amuna awiri pa njinga yamoto, a timu ya mpira ya ku Cuamba. Wapagolo wawo wathyoka mwendo, ndiye akufuna mng'ono wathu Saide. Timu yathu ya m'mudzi imati imulemba tikakolola, koma ili ndi chiyani chomupatsa?

Amunawo sanalankhule zambiri. Mmodzi wagwada, wayeza phazi la Saide ndi luzi, wadula, waika m'thumba. Ati nsapato za mpira zibwera Loweruka. Saide maso ali pa thumbalo basi.

Bambo angolowa m'nyumba. Paja pa bwalo la timu yathu lija anazula zitsa ndi iwo, titangobwerera kuchokera ku Malawi.

Alendowo atachoka, anyamata a timu yathu afika pampanda. Wina wakuwa kuti, "Akapita, manja amenewo sadzagwiranso mpira!"

 Amayi akuti, "Nkhondo ndinaithawa ana onse ali amoyo, lero mpira undilande mwana?"

Tikamukaniza Saide atida, tikamulola anyamatawo amupweteka. Achimwene, ndikuona kuti mwawerenga. Titani Loweruka lisanafike?