A Chipeso ndi Mapiritsi a Mlongo Wawo

Ndakhala ndikusoka nsapato pakhonde la sitolo ya penti kwa zaka khumi ndi zinayi, ndipo nthawi yonseyi kumanzere kwanga kumakhala a Chipeso ndi mpando wawo wapulasitiki. Iwo amaluka tsitsi. Dzinali anawapatsa ndi makasitomala chifukwa chipeso sichichoka kumutu kwawo, ngakhale kumaliro amapita nacho. Ndi mayi wolimbikira ntchito, wopemphera, koma wakuthwa pakamwa ngati ine ndemwe, n'chifukwa chake timagwirizana.

Anawapeza ndi matenda a shuga ali ndi zaka makumi anayi. Kuyambira pamenepo ndi tiyi wopanda shuga, piritsi m'mawa, piritsi madzulo. Lachiwiri loyamba la mwezi amamangirira mpando kumzati ndi unyolo n'kupita kukakhala pamzere kuchipatala. Amabwerako dzuwa litapendeka, mapazi atatupa, mwina ali ndi mapiritsi, mwina atangouzidwa kuti atha, abwerenso sabata yamawa. Sankadandaula. Ankati ndi mtanda wawo.

Mtanda wina unali mlongo wawo, chitsirizira m'banjamo. Anali katswiri wowotcherera mageti mpaka pamene anayamba kudzibaya mankhwala ozunguza bongo. Ntchito inatha, mkazi ananyamuka ndi ana, ndiye a Chipeso anamutola n'kumupatsa kachipinda kakuseri. M'nyumba munasowa nsimbi, kenako wailesi. Ankamutukwana mpaka oyandikana nawo kutseka mawindo, akatero n'kumupakulira chakudya. Chibale ndi fupa, sichiola.

Chaka chatha kunabwera anthu a kafukufuku ofuna anthu odzibaya. Ankati chitetezo cha m'thupi mwa anthu amenewa chimafooka msanga, ndiye ankafuna kuyesa ngati mankhwala ena akale angachithandize. Ngakhale iwo eni sankadziwa ngati angathandizedi. Mlongo uja analembetsa. M'mawa wina a Chipeso anafika pakhonde atagwira pepala, n'kundiika pamphuno.

"Anzanga, tawerengani dzina la mankhwalali. Si anga awa? Omwe ndamwa zaka khumi ndi ziwiri? Nanga iyeyu shuga wamutenga kuti?"

Analidi omwewo. Kusiyana kwake kunali kolandirira. Mlongo wawo galimoto inkabwera kudzamutenga. Kumeneko ankakhala pampando wofewa, pansi pa fani, akumwa tiyi wamkaka. Namwino ankamutchula kuti bambo. Lachisanu lililonse foni inkalira, akumufunsa ngati m'mimba muli bwino.

"Ine nditayamba mapiritsi amenewa ndinatsegula m'mimba mwezi wathunthu," ankatero a Chipeso, akukoka tsitsi la kasitomala mpaka mwiniwake kufuula. "Anandiimbira ndani? Ine sindinabepo, sindinalawepo mowa, koma ndimakhala pasimenti. Wakuba nsimbi akukhala pakhushoni. Kapena nane ndiyambe kudzibaya kuti andione?"

Inali nsanje, palibe dzina lina. Ndisabise, nanenso inandigwirako, poti bondo langa lakhala likuwawa zaka zambiri popanda galimoto yodzalifunsa. Chimene chinkawapweteka kwambiri n'chakuti munthuyo anayambadi kusintha. Kudzibaya sanasiyiretu, koma anachepetsa, chifukwa ankachita manyazi kukaonekera kwa namwino ali mbuu. Anayamba kumeta ndevu, masaya n'kubwerera. Tsiku lina anandiwotcherera chitsulo chokhomerapo nsapato, manja osanjenjemera. Anthu akamamuyamikira, a Chipeso ankangoti, "Eya, zaka zisanu ndikumudyetsa ine sananenepe, wadzanenepa ndi tiyi wa alendo."

A kafukufuku ankafuna wachibale woti azisunga botolo ndi kuonetsetsa kuti munthu akumeza awiri patsiku. Mwezi ukatha botolo linkabwerera kuti akawerenge otsala. Ntchito imeneyi inagwera a Chipeso. Botolo loyera, lachitsekerero cholimba, analiika pamwamba pa kabati, pambali pa kajumbo kawo kong'ambika kochokera kuchipatala. M'mawa uliwonse ankaziona ziwirizi zili limodzi.

Mlongo wawo anawafotokozerapo ine ndili pomwepo. "Achemwali, akuti ena akutipatsa enieni, ena akungotipatsa ofanana nawo opanda mankhwala. Ngakhale anamwino sadziwa kuti wapatsidwa ati ndani. Zili mu envulopu yomata."

"Usandiseketse iwe," anatero. "Anthu okutumizira galimoto angakumwetse ufa?"

Ndiye linafika Lachiwiri lina limene anabwerako kuchipatala chimanjamanja. Asanamasule n'komwe unyolo, galimoto ija inaima patsogolo pathu, mlongo wawo n'kutsika akuseka, akutsanzikana ndi dalaivala ngati mnzake wakalekale. A Chipeso anaiperekeza galimotoyo ndi maso mpaka inakhota.

Kuyambira tsiku limenelo, piritsi la m'mawa ankapatsa mlongo wawo, la madzulo n'kumeza okha. A Chipeso anamuuza kuti namwino waimba foni, wati limodzi likukwana. Botolo likabwerera, chiwerengero chinkakhala cholondola, ndipo a kafukufuku ankawayamikira kuti ndi osunga bwino. Kuchipatala mapiritsi anafika sabata yotsatira, koma iwo sanapiteko.

"Ndikaimirenji pamzere pamene abwino ali pakabati?" anandinong'oneza. "Awa ndi amphamvu, limodzi likuposa awiri anga aja. Ndipo ndi anga, wodwala shuga ndine."

Ndinangoti chakomachakoma pusi anagwa chagada, n'kupitiriza kukhoma chidendene. Ndikanayenera kunena zambiri, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Patatha masabata asanu ndi limodzi ankamaliza jagi ya madzi dzuwa lisanafike pamutu, n'kumangothamangira kuchimbudzi kuseri kwa sitolo. Mizere ya tsitsi inayamba kukhota. Mkwatibwi wina anadziyang'ana pagalasi n'kulira. Masana ena a Chipeso anangowerama pang'onopang'ono n'kugwera paphewa pa kasitomala. Ndinaitanitsa mlongo wawo, tinawanyamula awiri mpaka kuchipatala.

Dokotala atawayeza anapukusa mutu. "Mayi, mapiritsi anu mukumwa?"

"Ndikumwa," anayankha motsitsa mawu.

"Nanga m'buku lanu simunalembedwe kuti mwalandira miyezi iwiri. Mukumwa ati?"

Anatembenukira kukhoma. Mlongo wawo anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anatuluka. Anapita kwa a kafukufuku kukawauza kuti mapiritsi ake akhala akumwedwa ndi munthu wodwala shuga amene tsopano wagonekedwa. Kuti dokotala adziwe chimene chinali m'thupi mwa wodwalayo, a kafukufuku anamatula envulopu ija. M'botolo loyera munali aja opanda mankhwala. A Chipeso anali atakhala masabata asanu ndi limodzi osamwa chilichonse.

A kafukufuku anafunsa mlongoyo kuti mapiritsiwo anafika bwanji kwa mayiwo.

"Ndinkawagulitsa kwa achemwali," anatero. "Ndinkawauza kuti ndi a shuga."

Palibe anamufunsa kawiri. Munthu wodzibaya akati ndinagulitsa, ndani angatsutse? Poti envulopu inali itamatulidwa ndiponso lamulo litaswedwa, anamuchotsa pakafukufuku. Anamupatsa kalata yokalandirira thandizo kwina, iye n'kuipinda kanayi, n'kuiika m'thumba.

A Chipeso anatuluka m'chipatala patatha masiku asanu ndi anayi. Atamva zimene mlongo wawo ananena, anandikokera kwa a kafukufuku, ine wotsimphina, iwo wofooka. Namwino anawakhazika pampando wofewa n'kuwagwira dzanja.

"Ndine ndinaba," anatero a Chipeso. "Iyeyo sankadziwa. Ndinamunamiza kuti mwaimba foni. Inali nsanje yanga, mubwezereni."

"Mayi, tikudziwa kuti mumamukonda," anayankha namwino mokoma mtima. "Achibale ambiri amachita zomwezi. Musadzisenzetse mlandu chifukwa cha iye. Inu botolo mwatisungira bwino kwambiri."

Ndinayesa kuikira umboni. Namwino anandimvetsera mwaulemu, n'kunena kuti ngakhale zitakhala choncho, munthu amene envulopu yake yamatulidwa sabwereranso. Koma nkhope yake inkaonetsa kuti akuona mayi wabwino ndi mnzake wa mayi wabwino, basi.

Titabwerera pakhonde tinapeza mlongo wawo atakhala pasitepe, ndevu zitayambanso kumera.

"Akukhulupirirani?" anafunsa.

A Chipeso anapukusa mutu.

"Ndinadziwa. Inu amakudziwani, achemwali. Nanenso amandidziwa."

Anaimirira, anasansa fumbi pathalauza, n'kuwoloka msewu kulowera kumagalaja akale, kumene anzake odzibaya amakhala, kumene anali asanapondeko miyezi inayi. A Chipeso anamuitana kawiri. Iye sanacheuke.