Mbale Zosaona Moto

Ku Nangongwe mukasochera, funsani nyumba ya ba Gwendolyn alangizi, ndipo ngakhale mwana wa mamina pamphuno akulozerani. Ndi mayi wamfupi, wa mawu aakulu kuposa thupi lawo. Anabadwira ku Chanyanya m'banja la asodzi, anakulira mu utsi wowamba nsomba, ndipo mpaka lero amagulitsa nsomba zouma pamsika. Koma chimene chinawatchukitsa ndi ulangizi. Atsikana ambiri a m'Kafue muno analowa m'banja atadutsa pamphasa pawo, ndipo anyamata ambiri anasambitsidwa mapazi ndi manja awo.

Za mapazizo ndi za pa chilanga mulilo, tsiku limene akuchikazi amasenza zakudya kupita nazo kwa mkamwini ukwati usanachitike. Amakamuonetsa moto wa kwawo, kumuuza kuti izi ndizo uzidya m'nyumba mwathu. Mlangizi amamasula mbale, amasambitsa mkamwini m'manja ndi mapazi, kenako amamudyetsa nthongo yoyamba. Ba Gwendolyn ntchito imeneyi amaigwira ngati kuti anabadwa nayo.

Kunyumba kwawo nakonso kuli beseni, koma limalandira phazi limodzi. Amuna awo, ba Ferdinand, anali oyendetsa lole, munthu wodya mitanda ya nshima yoti mwana sangadumphe. Matenda a shuga anawalowa mwakachetechete. Kachilonda ka nsapato kanakana kupola, ndipo pobwera kuchipatala mwendo wamanzere unali utatsala komweko. Adokotala anauza ba Gwendolyn kuti mwendo winawo utha kukhala kapena kutsatira mnzake, malinga ndi mankhwala komanso zimene zizituluka m'khitchini mwawo.

Ba Gwendolyn analira tsiku lomwelo, kulira kwenikweni. M'mawa mwake anatenga shuga yense, buledi ndi zakumwa za m'mabotolo n'kugawira aneba. Kuyambira pamenepo mbale ya ba Ferdinand inasintha: nsomba yaiwisi yowotcha pambaula, masamba a maungu otendera amene kuno timati chibwabwa, timabilinganya ta impwa, mazira, mkaka wowawasa wa mabisi wopanda shuga, ndipo pambali nkhaka, tomato, kabichi wodula ndi mapeyala a kotapela, zonse zosaphika. Nshima inkabwera mwa apo ndi apo, kukula kwake ngati chibakera cha khanda. Za m'zitini ndi za m'mapaketi sizinkapondako n'komwe pakhomo.

Ba Ferdinand sanagonje msanga. Munthu wa lole sazolowera masamba tsiku limodzi.

"Manje ine nasanduka mbuzi?" anafunsa tsiku lina, akutembenuza nkhaka ndi chala.

"Mbuzi ili na mendo yonse, atate ake Abel," anayankha ba Gwendolyn. "Idyani."

Anadya, mong'ung'udza. Zaka zapitapo, mankhwala akumwa, kukiliniki akupita, ndipo phazi lija lilipobe. Madzulo aliwonse ba Gwendolyn amalisambitsa, amalipukuta pakati pa zala, amaliyang'ana pansi ndi pamwamba ngati akusankha nsomba ku Chanyanya. Aneba amaseka kuti ba Ferdinand akuwetedwa ngati kalulu wa m'khola. Ba Gwendolyn amangoti aseke, mano ndi awo.

Chodabwitsa n'chakuti za m'khitchini mwawo sankazitengera pamphasa ya ulangizi. Kumeneko ankaphunzitsa zimene iwonso anaphunzitsidwa: mwamuna asagone osadya nshima, ndipo akakana nshima yako dziwa kuti wadya kwina. Mawu amenewa anawanenanso kwa Purity, mwana wa ba Ireen, mtsikana woluka tsitsi amene ankakonzekera kukwatiwa ndi Boyd wa ku Kafue Estates. Atsikana ena akamva mawuwa amangoweramitsa mutu. Purity anayamba kulira.

"Nanga iwe walila chani? Nakumenya?" anafunsa ba Gwendolyn.

"Ba mayo, Boyd banamupeza na shuga," anatero Purity. "Ku kiliniki banakamba ati achepese nshima, aleke ma drinki. Manje imwe mukamba ati akakana nshima ninshi adya kwina. Nizachita bwanji?"

Nkhani inatuluka pang'onopang'ono. Boyd anali mnyamata wa kutchalitchi, woimba kiyibodi, wokwera minibasi m'mawa uliwonse kupita kuntchito ku Lusaka. Matendawo anabisira aliyense kupatula Purity. Ankaopa kuti akuchikazi anena kuti sitingapereke mwana wathu kwa munthu wodwala. Ankaopanso mayi ake, ba Winfrida, amene kwa iwo kutchula matenda n'kuwaitana. Choncho akakhala pakati pa anthu ankadya zonse zimene waikiridwa, ndi kuthokoza komwe. Purity anawapempha ba Gwendolyn kuti asauze munthu, ndipo iwo analonjeza.

Madzulo amenewo, akusambitsa phazi la amuna awo, mtima unawawawa. Anaganiza za chilanga mulilo chimene chinali pafupi: mpunga, mbatata ya kandolo, chinangwa cha tute, vitumbuwa, thobwa la munkoyo lothira shuga, makireti a zakumwa, ndi iwo eni atagwada akuuza Boyd kuti izi ndizo uzidya m'nyumba mwathu. Mawu a tsiku limenelo satha tsiku lomwelo. Apongozi amaphika zomwezo mkamwini akabwera kudzacheza, mkazi amaphika zomwezo poopa kunenedwa, ndipo mwamuna amadya poopa kukhumudwitsa. Anatsimikiza mtima kuti pakamwa pa mnyamata ameneyu sadzaikapo ndi dzanja lawo chinthu chomudulitsa mwendo.

Atapita kwa ba Ireen kukakonza za zakudya, anayala maganizo awo. Nshima ipite, mpunga upite, alendo adye, palibe woletsa. Koma mbale za kutsogolo, zoonetsa mkamwini, zikhale nkhuku ya kumudzi, nsomba, ndiwo za masamba, mtedza, mabisi, ndi mbale za nkhaka, tomato ndi kotapela zosaphika. Makireti atsale.

Ba Ireen anagwira pakamwa. "Vosapika? Pa chilanga mulilo? Ba Gwendolyn, mufuna bantu bakambe ati mwana wanga ni mulesi, saziba na kuyasha mbaula?"

Mantha awo anali oona. Kupereka chakudya chosaona moto pa mwambo woonetsa moto kuli ngati kunena kuti mtsikanayo sadziwa kuphika, kapena kuti akuchikazi akuderera mkamwini. Akuchimuna akakwiya amatha kubweza mbale zonse, ndipo ukwati umene mbale zake zabwezedwa umayamba ndi chilonda. Mlangizi wochititsa manyazi otere samuitananso.

"Nipaseni chifukwa," anatero ba Ireen.

"Chifukwa chilipo, koma si changa," anayankha ba Gwendolyn. "Ngati simunikulupilila, funani alangizi bena. Ine sinizasinta."

Ba Ireen anayang'ana mwana wawo. Purity anali atawerama, koma anagwedeza mutu kuvomereza. Mayiwo anausa moyo n'kunena kuti mbale zikabwezedwa, manyazi ake akasenze ndi ba Gwendolyn mpaka ku Nangongwe. Ba Gwendolyn anati mutu ali nawo, nkhata alinso nayo.

Loweruka la mwambo, amayi anavala chitenje chofanana n'kutsika m'minibasi pa Kafue Estates, ng'oma zikulira, mabeseni ali pamutu. Purity anatsala kunyumba monga mwa mwambo. M'chipinda chochezera munali modzaza. Boyd anakhala pampando, malaya oyera, nkhope yomwetulira mokakamiza. Pafupi naye panali ba Winfrida, mayi wamtali wovala magalasi, amene ankayang'ana mbale iliyonse ngati woyang'anira mayeso.

Nsalu zinamasulidwa, nthungululu zinalira. Nkhuku inaoneka, anthu anaomba m'manja. Nsomba, chibwabwa, delele, zonse zinalandiridwa bwino. Kenako ba Gwendolyn anavundukula mbale ya nkhaka ndi tomato n'kuiika patsogolo penipeni pa mkamwini, pamalo pamene pamayenera kukhala nshima. Ng'oma inayamba kuzirala. Wina kumbuyo anaseka.

"Ivi ni vichani?" anafunsa ba Winfrida. "Malasha ya mbaula yanasila ku Nangongwe? Mwana wanga mwamuona monga kalulu?"

"Ba mayo, lekani nisilize nchito, tizakamba," anatero ba Gwendolyn modzichepetsa.

Anakoka beseni, anagwada, anasambitsa Boyd m'manja, kenako anamuvula nsapato. Alangizi ambiri amangowaza timadzi pamapazi kuti mwambo udutse. Ba Gwendolyn anasambitsa monga amachitira kunyumba, pang'onopang'ono, chala ndi chala, akuyang'ana chidendene ndi pansi pa phazi. Anali mapazi a mnyamata, osalala, opanda chilonda. Anamva chisoni choti sanachiyembekezere, chifukwa a ba Ferdinand nawonso anali otero kale.

Atawerama choncho, analankhula motsitsa mawu kuti amve Boyd yekha.

"Mwana wanga, ku nyumba kwanga nisambika pazi imozi chabe. Inangu inasala ku chipatala. Bamuna banga naonso benze kudya vonse kuti bantu basakalipe. Ine sinizakamba chinsinsi chako. Koma lelo ndiye siku yamene bapongozi bapunzila vokupikila. Ukankala zii lelo, uzankala zii umoyo wako onse."

Phazi la Boyd linangouma m'manja mwawo.

Anapukuta mapazi onse awiri, anasamba m'manja, n'kutenga mbale. Anaikamo nsomba, chibwabwa, nkhaka ndi kotapela, ndipo pakona anaika kanshima kochepa. Ananyema nsomba, anaiphatikiza ndi nkhaka, n'kukweza dzanja kupita kukamwa kwa mkamwini.

Ba Winfrida anaimirira. "Awe! Nthongo yoyamba ni nshima, kuchokela kale. Ngati mwabwela kutinyoza, mangani mbale zanu mubwelele nazo."

Ba Ireen, amene anali pakhomo, anaphimba nkhope ndi chitenje. Amayi ena anayamba kale kufunafuna nsalu zomangira. Ba Gwendolyn sanatsitse dzanja. Anakhalabe chogwada, nsomba ili m'manja, maso ali pa Boyd. Mkono unayamba kuwawa. Ankadziwa kuti mawu amodzi okha akanawapulumutsa, koma mawuwo sanali awo.

Boyd anayang'ana beseni, madzi ake asanatayidwe. Kenako anawerama n'kulandira nsomba ija pakamwa. Anatafuna, anameza, n'kutembenukira kwa mayi ake.

"Mami, nkalani pansi," anatero. "Nili na shuga. Bananipeza chaka chata. Nimwa mankwala mu minibasi kuti musaone. Ivi vamene babwelesa ndiye vamene nifunika kudya. Sibananyoze. Purity aziba, ndiye anakamba na ba alangizi."

Ba Winfrida anakhala pansi. Anavula magalasi n'kuwagwira m'manja. Anthu ankadikira kuti akalipa, kapena ayamba pemphero lodzudzula matenda. Koma anangoyang'ana mwana wawo nthawi yaitali, misozi ikutsika.

"Sondo iliyonse nenze kukupikila mupunga na custard," anatero. "Unali kudya vonse. Unali kukamba ati zikomo."

"Nenze kuyopa kukukalipisani, mami."

Mayiwo anapukuta maso. Anatembenukira kwa ba Gwendolyn, amene anali adakagwada, ndipo mawu awo anali atasiya ukali wonse.

"Ba mayo, yambani futi kuonesa mbale. Pang'ono pang'ono. Nifuna nizibe vamene nizamupikila akabwela kwanga."

Ba Ireen ndiwo anayamba nthungululu, ya misozi, ndipo ng'oma inadzukanso. Ba Gwendolyn ananyamula mbale imodzi ndi imodzi, kutchula dzina lake, kunena iyi adye mmene angathere, iyi pang'ono, iyi angoiona patali. Aka kanali koyamba kuti apongozi aakazi a mbali zonse ziwiri amvetsere mlangizi kuposa mkamwini mwini wake.

Si onse anakondwa ayi. Pobwerera m'minibasi, amayi ena ankanong'onezana kuti mwambo wawonongeka, ndipo mmodzi ananena mokweza kuti mwana wake akadzakwatiwa adzafuna mlangizi wodziwa moto. Ba Gwendolyn anamva. Zinawapweteka, n'kubisiranji, chifukwa dzina limamangidwa zaka zambiri. Koma anangogwira beseni lawo pamiyendo.

Anafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Ba Ferdinand anali pakhonde, ndodo ili pambali, akusenda mtedza. Ba Gwendolyn sanavule n'komwe chitenje cha mwambo. Anatenthetsa madzi, anagwada, n'kuika phazi lija m'beseni.

"Mwayenda bwanji, amake Abel?" anafunsa ba Ferdinand. "Mbale banabweza?"

"Sibanabweze."

Bambowo anayang'ana manja a akazi awo akudutsa pakati pa zala zawo. Kenako anafunsa motsitsa mawu.

"Uja munyamata, mapazi munapeza yangati?"

"Yabili," anatero ba Gwendolyn, akufinya kansalu. "Ndipo yazankala yabili."